Khungu lili pantchafu, chikuchedwetsa n'chiyani?

Mu Juni ndi Julaye, mphepo ikamatsetsereka kuchokera kuphiri la Zomba, ku Chikanda mbaula imachoka pakhonde n'kulowa m'nyumba. Nyumbayo kawirikawiri ndi chipinda chimodzi cha lendi: mogona ndi momwemo, mophikira ndi momwemo, ndipo mwana wongoyamba kukwawa amasewera momwemo. Poto wa phala ali pansi, ketulo ya madzi osamba ili pansi, makala ali pansi, ndipo mwana wa chaka chimodzi naye amakhalira pansi pomwepo. Palibe mayi wa ku Chikanda, ku Chinamwali kapena ku Sadzi amene angadabwe kumva zimene madokotala a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe akhala akupeza m'kaundula wawo wa anthu opsa: ambiri ndi ana, ochuluka mwa anawo sanafike zaka 5, chowaotcha kwambiri ndi madzi otentha ndi phala, ndipo odwala amachuluka m'miyezi yozizira.

Nkhani ya mwana wopsa anthu amaifunsa pawiri pokha: wamwalira kapena wachira? Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 180,000 amafa chaka chilichonse ndi mabala a moto, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka. Koma pali gulu lina lalikulu limene buku la kuchipatala limangolilemba kuti latuluka, bala lapola. M'gulu limeneli muli mwana amene pakatha chaka zala zake zimakhala zitamatirira kuchikhatho, ndipo anthu akamuona amapukusa mutu n'kunena kuti moto unamupundula. Ndemanga ino ikukana mawu amenewo. Moto unapanga bala. Kupunduka kunabwera pambuyo pake, pang'onopang'ono, m'masabata amene balalo linakhala chiyasamire, anthu akulitsuka ndi kulimanga, kulitsuka ndi kulimanga, popanda wolitseka.

Khungu lili ndi magawo awiri. Pamwamba pali kachikopa kopyapyala kamene kamasupuka n'kumeranso. Kunsi kwake kuli gawo lokhuthala, lolimba ndi lotamuka, limene madokotala amati dermis. M'menemo ndi momwe muli mizu ya tsitsi ndi cheya komanso timatumba ta thukuta, ndipo khungu latsopano limaphukira m'menemo. Munthu akapsa pamwamba chabe, mizuyo imatsala, bala limapola m'masabata awiri, chipsera chake sichidetsa nkhawa. Moto ukalowerera n'kudya dermis yonse, pophukira khungu palibenso. Thupi limatsala ndi njira imodzi yokha: kukoka m'mbali mwa bala kuti zikumane pakati. M'balamo mumabadwa timaselo timene ntchito yake ndi kukoka basi, usana ndi usiku, ndipo sitileka ngakhale bala litatseka. Timapitiriza kwa miyezi yambiri. Bala loterolo likakhala pamsana, munthu amangotsala ndi chipsera chosaoneka bwino. Likakhala popindikira thupi, m'khwapa, pachigongono, pakhosi, kuseri kwa bondo kapena m'chikhatho, limakoka mfundo n'kuipinda.

Madokotala a anthu opsa padziko lonse amagwirizana za malire ake: bala limene ladutsa masabata atatu lisanapole kawirikawiri limasiya chipsera chokhuthala ndi chokoka. Kuyambira pamenepo, sabata iliyonse yowonjezera ikudya chiwalo cha mwanayo.

Ululu nawo umathandizira chipsera. Mwana wopsa m'khwapa amapanikiza mkono kunthiti chifukwa akatero sipapweteka kwambiri. Wopsa pakhosi amawerama, ndipo mayi ake mwachifundo amamuikira pilo kuti mutu ukhale bwino. Mmene wakhaliramo ndi mmene chipsera chidzaumire. Namwino wodziwa ntchito amachotsa piloyo, amakweza mkono n'kuumanga uli chitambasukire, mwana akulira, gadiyani akung'ung'udza kuti anesi awa ndi ankhanza. Komatu m'wodi monsemo ndi iwowo amene akupulumutsa mkonowo.

Zotsatira za kuchedwa aliyense woyenda mumsika wa Zomba kapena padepoti anazionapo. Mtsikana amene chibwano chinamatirira pachifuwa, mlomo wam'munsi n'kukokeka moti malovu satha kuwasunga. Mnyamata amene mkono sukwera kufika paphewa chifukwa khwapa linasanduka chikopa chimodzi. Kamwana kamene kanagwira khala kali kokwawa, lero kali mu Sitandade 1 koma pensulo sikangaigwire. Kwa mwana vutoli limakula naye limodzi, chifukwa mafupa amatalika koma chipsera sichitalika. Chala chimene chinangokhota pang'ono ali ndi zaka ziwiri, akamafika zaka 10 chimakhala chitapindikiratu, mitsempha itafupika, mfundo zitaguluka. M'dziko limene anthu ambiri amadalira khasu, dzanja lotere ndi umphawi wa moyo wonse, ndipo kusukulu limabweretsa dzina lachipongwe tsiku loyamba lomwelo.

Chowawa n'chakuti njira yopewera zonsezi ndi yakalekale. Mu 1869 ku Paris, dokotala wachinyamata wochokera ku Geneva, Jacques-Louis Reverdin, anadula tizidutswa ta khungu la wodwala n'kutiika pabala lake lomwe, ndipo tinagwira. Apa n'kuti Zomba asanakhale likulu la boma la atsamunda, zimene zinadzachitika mu 1891. Mu 1875 John Wolfe wa ku Glasgow anaonetsa kuti khungu lathunthu nalo limatheka kusamutsidwa. M'zaka za m'ma 1930, Graham Humby wa ku London anakonza mpeni wokhala ndi kachitsulo kutsogolo kwa lumo, kopimira kuti dokotala asende khungu lopyapyala mofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mpeni umenewu sufuna magetsi. Mu 1964 ku Atlanta kunatuluka makina obowola khungu losendedwalo n'kulisandutsa ukonde, kuti kachidutswa kochepa kaphimbe bala lalikulu.

Ntchito yake imayenda motere. Wodwala akagonetsedwa tulo, dokotala amapala bala mpaka kufika pamnofu wamoyo, wotuluka magazi. Wothandizira amanyamula ntchafu, khungu amalikunga ndi timatabwa tiwiri n'kulipaka mafuta. Mpeni umayenda uku ndi uku mofulumira, ukusendera kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo khungu limasonkhana pamwamba pa lumo, lopyapyala moti kuwala kumalidutsa. Pantchafupo pamatsala poyera, timadontho ta magazi tikutuluka paliponse. Pamenepo padzapola pokha m'masiku 10 mpaka 14 chifukwa mizu ija yatsala. Chidutswacho amachiboola timabowo kuti magazi asadikhe kunsi kwake, amachiyala pabala, kuchisoka m'mbali, kuchiphimba ndi nsalu ya Vaseline ndi thonje, kenako chiwalo chonse amachiika pachikhakha kuti chisagwedere. Masiku awiri oyamba khungulo limangoyamwa madzi a m'bala. Kenako timitsempha ta magazi timalowamo. Pofika tsiku lachisanu, akamasula bandeji n'kulipeza lofiirira ndi lomatirira, ndiye kuti lagwira. Mlimi wa mpunga wa ku Likangala kapena ku Domasi angamve msanga zimenezi: ndi kuwokera mbande, ndipo mbande imagwira pomwe munda wakonzedwa. Bala la mafinya, thupi loperewera magazi, mwana wonyentchera, zonsezi zimapha khungu lowokeredwalo.

Zofunika zake ndi mpeni ndi malumo akuthwa, ola limodzi kapena awiri m'fiyeta, wogonetsa odwala tulo, botolo la magazi, nsalu zoyera, chikhakha ndi chakudya chomanga thupi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili chachilendo pachipatala chachikulu cha boma. Chimene chimasowa, kuno ndi m'mayiko ena oyandikana, ndi malo pamndandanda. Kufiyeta kuli mayi amene mwana wapingasa, kuli wa ngozi ya kabaza wa njinga yamoto, kuli wamatumbo opotana, ndipo onsewa akapanda kulowa lero amwalira lero. Mwana wopsa samwalira lero. Amamuuza kuti asadye kuyambira usiku, amadikira mpaka dzuwa litapendeka, n'kubwezedwa kuwodi kuti mawa. Iye amene thupi lake likufuna chakudya kuposa wina aliyense ndi amene waswera ndi njala pachabe. Sabata yachitatu imadutsa, mwezi wachiwiri umadutsa, gadiyani ufa wamuthera, kumudzi munda ukudikira, ndipo banja limapempha kutuluka. Dokotala amene anasankha mayi woyembekezera uja sanalakwe. Walakwa ndi amene anakonza dongosolo lowerenga maliro okha, losawerenga manja opindika.

Sikuti Malawi akuyamba kumene ntchitoyi. Mu 1993 chipatala cha Gulupu ku Blantyre chinatsegula wodi yapadera ya anthu opsa, ntchito imene a Howard Stevenson, dokotala wa ku Dundee ku Scotland, anaigwira limodzi ndi madokotala a ku Blantyre monga a Eric Borgstein. Mu 2011 Kamuzu Central inatsegula yake mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo kaundula wake ndi amene waphunzitsa dziko lino zambiri za anthu ake opsa. Chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimamasula zipsera za ana. Lero Malawi ali ndi akatswiri akeake a maopareshoni okonza thupi, monga Dr. Tilinde Chokotho ku Blantyre ndi Dr. Wone Banda ku Lilongwe. Koma akatswiri otere ndi owerengeka pazala m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndipo pakhomo pawo pafola ana obadwa ndi milomo yong'ambika, odwala khansa ndi ovulala pangozi. Kuyembekeza kuti bala lililonse lakuya la ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba lifike m'manja mwawo sabata yachitatu isanathe ndi kudzinamiza.

N'chifukwa chake maso ayenera kuloza ku Zomba Central Hospital. Ndi chimodzi mwa zipatala zinayi zikuluzikulu za boma, ndipo maboma a chigawo cha kum'mawa amatumiza odwala awo kumeneko. Munthu wa ku Chikanda amafikako wapansi. Blantyre ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, pamapu ndi pafupi. Koma kwa mayi wogulitsa mandasi kwa ophunzira a payunivesite, amene ayenera kulipira minibasi ya anthu awiri, kusiya geni ndi ana ena kwa masabata angapo, n'kubwererakonso kangapo kukaonetsa, ndi kutali zedi. Kumata khungu kuyenera kukhala ntchito ya sabata ndi sabata ku Zomba, yokhala ndi tsiku lake m'fiyeta limene palibe angalilande, ndipo ochita ake asadikire digiri ya ukatswiri. Makiliniko ofesa a dziko lino akhala akuchita maopareshoni ambiri a amayi oyembekezera m'zipatala za m'maboma kwa zaka makumi angapo. Manja amene amatsegula chiberekero n'kutulutsa mwana wamoyo angalephere kuphunzira mpeni wa Humby?

Wina anena kuti kuthamangira mpeni n'koopsa, ndipo mfundo ali nayo. Ku Ulaya ndi ku America, kuyambira pomwe Zora Janžekovič wa ku Maribor ku Slovenia anafalitsa njira yake mu 1970, chizolowezi ndi kuchotsa mnofu wakufa m'masiku ochepa oyamba n'kumata khungu pomwepo. Koma kafukufuku wa ku Kamuzu Central amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti odwala ochitidwa opareshoni m'masiku asanu oyamba ankamwalira kwambiri kuposa amene anadikirako pang'ono. N'zomveka: opareshoniyi imataya magazi ambiri, ndipo kumene magazi ndi osowa, mabedi a odwala mwakayakaya ndi ochepa, munthu amene thupi lake silinakhazikike sangapirire. Malawi ayenera kupeza nthawi yomuyenera iye, osangotengera za eni. Komabe pakati pa tsiku lachisanu ndi mwezi wachitatu pali mtunda wautali, ndipo kafukufukuyu sakuloleza aliyense kusiya bala chiyasamire mpaka litadzikoka lokha.

Nanga amene anapindika kale? Opareshoni yawo ndi ina, yolemera kuposa imene anamanidwa poyamba. Dokotala amadula chipsera mopingasa n'kuwongola mfundo pang'onopang'ono, akusamala mitsempha imene inafupika nayo limodzi. Chodabwitsa kwa woona koyamba ndi kukula kwa bala limene limayasama: mzere umodzi wa mpeni m'khwapa umasanduka dzenje lokwana chikhatho chonse, ndipo kumeneko ndiko kuchuluka kwa khungu limene linasowa kuyambira pachiyambi. Potseka pamenepo, khungu lopyapyala lija silikwanira bwino, chifukwa dermis yake ndi yochepa, ndiye limadzakhwinyatanso. M'chikhatho, m'zala ndi m'zikope madokotala amakonda khungu lathunthu, lodulidwa m'mphechepeche momwe angathe kusoka n'kutseka. Chipsera chikakhala chingwe chimodzi chokhala ndi khungu labwino mbali zonse ziwiri, amachidula motsatira chilembo cha Z n'kusinthanitsa nsonga zake, chingwecho n'kutalika popanda kutenga khungu kwina. Pena amatembenuza khungu lapafupi, lonse ndi mafuta ndi mitsempha yake, n'kuliphimbitsa pabalapo. Zala amazilowetsa timawaya kwa masabata angapo kuti zikhale chiwongokere.

Mpeni ukamaliza, chipsera chatsopano chimayambanso kukoka. Chimafuna chikhakha kapena chogwirizira cha pulasitiki, poyamba usana ndi usiku, kenako usiku wokha, kwa miyezi 6 mpaka chaka. Chimafuna kupakidwa mafuta ndi kusisitidwa tsiku ndi tsiku, chimafuna mafizo, ndipo mwana akamakula chogwiriziracho chimamuchepera, pamafunika china. Maopareshoni ambiri osokedwa mwaluso amafera pamenepa.

Nkhani ya alendo nayo inenedwe mosabisa. Magulu a madokotala akunja amene amabwera kwa sabata imodzi kapena ziwiri kudzamasula zipsera awongola manja ambiri, ndipo mabanja amene anathandizidwa sadzawaiwala. Koma mathero ake amadziwika. Wailesi ilengeza, anthu akhamukira, maopareshoni achitika, akuluakulu abwera kudzathokoza, zithunzi zijambulidwa mabandeji akadali oyera, ndege inyamuka. Chithunzi cha pakatha miyezi 6 palibe amachijambula. Mwana anabwerera ku Jali kapena ku Mayaka, chikhakha chinanyowa ndi mvula n'kuphwasuka, wochikonzanso panalibe, chigongono chabwerera pomwe chinali, ndipo tsopano ntchafu nayo ili ndi chipsera chake. Mlendo wothandiza ndi amene amaima kumbuyo kwa dokotala wakuno n'kumusiyira mpeni, amene amabwera ndi wa mafizo, amene amayamba waona odwala a chaka chatha asanalembe atsopano. Unduna wa Zaumoyo ndi Medical Council of Malawi, imene imapereka chilolezo kwa madokotala obwera, ali ndi mphamvu yoika zimenezi ngati lamulo kwa gulu lililonse lofuna kugwira mpeni m'dziko muno. Kuthokoza sikuletsa kuika malamulo pakhomo pako.

Ndiye pali chinthu china chimene chimakometsa misonkhano ya madokotala: khungu lopangidwa m'fakitale. Mbiri yake ndi yolemekezeka. Ku Boston, dokotala John Burke wa ku Massachusetts General Hospital ndi katswiri wa sayansi Ioannis Yannas wa ku yunivesite ya MIT anatha zaka zambiri akufufuza chinthu cholowa m'malo mwa dermis, ndipo mu 1981 anafalitsa zotsatira za odwala 10 opsa modetsa nkhawa. Chimene anapanga, chomwe lero chimagulitsidwa ndi dzina lakuti Integra, ndi kansalu ka timabowo tosaoneka ndi maso, kopangidwa ndi kolajeni wa ng'ombe ndi zina zochokera m'mafupa ofewa a nsomba ya shaki, pamwamba pake pali chikuto cha silikoni. Akakayala pabala, maselo ndi timitsempha ta wodwalayo timalowa m'timabowomo n'kumanga dermis yatsopano, kansaluko kakusungunuka pang'onopang'ono. Pakatha masabata awiri kapena atatu amasenda silikoni uja n'kumatapo khungu lopyapyala kwambiri la wodwala yemweyo. Boma la America linakaloleza mu 1996, ndipo mu 2002 linawonjezera chilolezo choti kazigwiritsidwa ntchito pomasula zipsera zokoka. Pambuyo pake kunabwera ena: Matriderm wa ku Germany, amene amatha kuikidwa tsiku limodzi ndi khungulo, ndi NovoSorb BTM wa ku Australia, wopangidwa ndi pulasitiki yosungunuka m'thupi, wopanda chilichonse cha nyama.

Ubwino wake ndi woona. Pachipsera chachikulu cha pakhosi, kapena pamunthu amene anapsa pafupifupi thupi lonse moti potenga khungu lathunthu palibe, zinthuzi zimasiya khungu lofewa ndi lotamuka. Akatswiri a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akuyenera kukhala nazo zochepa pashelefu, za odwala osankhidwa mosamala.

Koma wofuna kuziika patsogolo pankhani ya zipsera m'Malawi wasochera. Zinthuzi sizilowa m'malo mwa kumata khungu. Pamapeto pake mpeni uja umafunikabe, ndipo ndi Integra wodwala amalowa m'fiyeta kawiri, m'dziko limene kulowamo kamodzi kokha n'kovuta kale. M'masabata oyamba kansaluko kalibe magazi akeake, ndiye tizilombo tikalowa kunsi kwake kamasungunukira m'mafinya, ndalama zonse n'kupita nako. Wodi yodzaza, ya ntchentche ndi madzi odukaduka, ndi malo oipitsitsa oyeserapo chinthu chotere. Kachidutswa kongokwana khosi la mwana kamadya madola a ku America m'mazikwi, ndalama zakunja zomwezo zimene dziko likusauka nazo pogula mafuta a galimoto ndi mankhwala wamba. Ndipo sikachotsa chikhakha ndi mafizo: popanda izi nakonso kamakhwinyata, makamaka mwa ana.

Tionenso bwino amene akupulumuka. Ku Kamuzu Central kunapezeka kuti munthu akapsa magawo pafupifupi 40 pa 100 a thupi, mwayi woti akhala ndi moyo ndi theka chabe. Ambiri amene amatuluka amoyo, amene mawa adzakhale ndi zipsera zokoka, anapsa malo ochepa: dzanja, khwapa limodzi, phazi. Ana amenewa ali ndi ntchafu ziwiri zosapsa, msana wonse, m'mphechepeche mwabwinobwino. Integra anaipangira munthu amene khungu lamuthera. Mwana wa ku Chikanda khungu ali nalo lochuluka, laulere, ndipo thupi lake silingalikane. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ngati pali kafukufuku woyenera dziko lino, ndi wa mtundu umene madokotala a ku Fortaleza ku Brazil anachita. Iwo anatenga chikopa cha nsomba ya tilapia, ya m'banja limodzi ndi chambo ndi makumba, kuchikonza ndi kuchiphera tizilombo m'labotale, n'kumachiyala pamabala a moto m'malo mwa nsalu. Sichisanduka khungu la munthu. Chimangophimba bala, kuchepetsa ululu ndi kusinthasintha kwa mabandeji. Asapezeke wina wotenga chikopa cha nsomba ya pamsika n'kuika pabala la mwana, chimenecho ndi chiphe. Koma malo a boma oweterako nsomba ali ku Domasi, yunivesite ili pakhomo penipeni pa Chikanda, chipatala chachikulu chili m'tauni momwemo, ndipo funso lotere likuwayenera ophunzira a sayansi amene amachita lendi m'nyumba za mbaula zomwezo.

Nkhani ngati iyi ikatuluka, chizolowezi ndi kutembenukira kwa amayi: n'osasamala, amachedwa kubwera kuchipatala, amapaka mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena ubweya wa kalulu. N'zoona kuti zopakazi zimaononga bala, ndipo uthenga woyenera ndi waufupi moti ungakwane pakhoma la sukulu iliyonse: thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, vulani chovala chonyowa, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala. N'zoonanso kuti makolo ena amakana opareshoni poopa kuti mwana atuluka ndi mabala awiri m'malo mwa limodzi. Mantha amenewo amatha munthu akakhala nawo pansi n'kuwafotokozera, ndipo amatha msanga mayi akaona ntchafu ya mwana wa pabedi loyandikana itapola. Koma mayi amene amaphika pansi sanasankhe. M'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mitolo imene imatsika m'phiri la Zomba m'mawa uliwonse ndi umboni wake. Amene anathamanga ndi mwana kumsana n'kufika pachipatala tsiku lomwelo wachita mbali yake. Masabata otsatirawo ndi mlandu wa ena.

Gulu lina loiwalika ndi la odwala khunyu. Amagwera pamoto ali chikomokere, amakhalitsapo, ndipo nthawi zina oona amaopa kuwakoka chifukwa cha bodza lakuti matendawa amapatsirana. Mabala awo amakhala akuya kwambiri. Kuwamata khungu n'kuwabweza kumudzi popanda kuonetsetsa kuti mapiritsi oletsa kugwa akuwapeza mwezi ndi mwezi ndi kuwaitana kuti adzabwerenso ndi bala lina. M'Malawi muno odwala khunyu ambiri amalandira mankhwala awo ku kiliniki za matenda a muubongo, ndipo likulu la ntchito imeneyo, Zomba Mental Hospital, lili mumzinda womwewu. Wodwala wotere asamatuluke m'wodi ya opsa dzina lake lisanalembedwe kumeneko.

Zimene Unduna wa Zaumoyo ndi aphungu a chigawo cha kum'mawa akuyenera kuchita sizifuna nyumba yatsopano yoti wina adzadule riboni. Malumo a mpeni wosendera khungu akhale pamndandanda wa katundu wosayenera kutha ku Central Medical Stores Trust. Mwana wopsa alandire chiponde ndi phala lowonjezera monga amalandirira wonyentchera, chifukwa bala lalikulu limadya thupi chimodzimodzi. College of Medicine, imene lero ili mbali ya yunivesite ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa a mafizo mu 2010. Mmodzi wa iwo azipezeka m'wodi ya opsa kuyambira tsiku limene wodwala wagonekedwa, osati kuitanidwa chiwalo chitauma kale. Alangizi a zaumoyo, amene amakumana ndi anawa kusikelo mwezi uliwonse, aphunzitsidwe kufunsa mafunso awiri osavuta, ngati mkono ukukwera ndi ngati zala zikutambasuka, n'kulemba yankho m'buku la mwanayo, kuti chala chikangoyamba kukhota abwezedwe kuchipatala mwezi womwewo.

Ndipo chipatala chachikulu chilichonse chiyambe kulengeza manambala awiri chaka ndi chaka: masiku amene wodwala wa bala lakuya amadikira asanamatidwe khungu, ndi chiwerengero cha ana amene pakatha miyezi 6 atatuluka akutha kutambasula chiwalo chimene chinapsa. Komiti ya zaumoyo ya ku Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yoitanitsa manambala amenewa kuchokera ku Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Iwaitanitse bajeti ya chaka chamawa isanafike m'nyumbamo.